Nyimbo ya Rabeka pa Bolodi

Jairosi Sakala atabwerera kwawo kuchokera ku Halale, chinthu choyamba kumunyansa chinali bata. Anachoka ali mnyamata wopanda ndevu, anabwera ali ndi imvi m'mbali mwa makutu ndi bokosi lachitsulo lodzaza mabuku. Zaka zonse zimene anakhala akutola zilembo m'nyumba yosindikizira mabuku ya azungu, maso akuwawa ndi nyali, chimene chinkamusunga chinali phokoso la mitondo ya kwawo. Ankakumbukira amayi ake ndi akazi anzawo, misi ikugwa mosinthana, nyimbo ikuyenda pakati pa misiyo. Pamtondo ndi pamene mkazi ankanena zonse, ulesi wa mwamuna, umbombo wa apongozi, miyendo ya mnansi yosakhazikika. Mwamuna woimbidwayo ankangokhala pakhonde akusema mpini, makutu akutentha, koma osatsegula pakamwa, pakuti woyankha nyimbo ya pamtondo wavomera kuti ndi yake. Ndipo panalibe woinyamula nyimboyo kupita nayo kwa ankhoswe kapena ku bwalo. Inkathera pomwepo, n'kuuluka pamodzi ndi gaga.

Koma m'chaka cha 1926 mudzi wawo wa m'mphepete mwa mtsinje wa Katete unali utasamba m'manja. Amayi ake anali kumanda. Akulu ampingo anali atagamula kuti nyimbo za pamtondo ndi zachikunja, ndipo akazi ankasinja ali duu ngati akaidi a ku boma, kapena kukoka nyimbo ya m'buku la tchalitchi imene inkatsalira m'mbuyo musi utagwa kale. Jairosi ankati akamva zimenezi ankalavula. Anali atayenda ulendo wonse uja, kuwoloka Zambezi pa bwato lobooka, kuti adzamve chimanga chikulira chokha.

Mtondo umodzi wokha ndiwo unali usanatseke pakamwa, wa mlongo wake Rabeka.

Rabeka anakwatiwa ndi Aroni Tembo, mkamwini wochokera cha ku Sinda, amene tsopano anali mkulu wa mpingo, mwini jekete loyera ndi njinga yokhayo m'mudzimo. Aroni anali ndi mawu. Akapemphera, mbuzi zinkasiya kudya. Dzuwa likapendeka ankakwera njinga yake n'kuwoloka dambo kukapempherera mayi wina wamasiye amene ankakhala pafupi ndi munda wa fodya wa mzungu, ndipo pempherolo linali lalitali kwambiri moti nthawi zina linkatha kutacha. Mudzi wonse unkadziwa. Rabeka nayenso ankadziwa, ndipo ankanena pamalo pake:

Tambala wanga, tambala wa mawu,
m'mawa adzutsa mudzi wonse,
madzulo akwera m'khola la eni.
Gaga ndi wanga, mazira ndi a eni, ee.

Ankaimba motsitsa, kuseri kwa nkhokwe, pakuti Rabeka anali ndi chinthu chimene ankachifuna koposa mtendere wa m'nyumba. Ankafuna ubatizo. Anali atakalamba m'kalasi ya ofuna kubatizidwa. Ulendo wina anamubweza chifukwa thobwa lake linagonera n'kuwawa, ulendo wina chifukwa anameta tsitsi pamaliro a amayi ake monga mwa makolo. Tsiku la Mgonero likafika, osabatizidwa ankatulutsidwa panja chitseko n'kutsekedwa, ndipo Rabeka ankakhala pansi pa mtengo wa msuku pamodzi ndi tiana, akumva mwamuna wake m'katimo akuyendetsa chikho. Chaka chimenechi dzina lake linali litaloledwa. Ankangodikira kuti abusa achizungu, amene anthu ankawatcha a Chipewa chifukwa cha chisoti chawo chotambalala ngati lichero, abwere anthu akatha kukolola.

Jairosi anapatsidwa ntchito yophunzitsa Sitandadi 3 ndi 4 m'tchalitchi momwemo, pakuti nyumbayo inali sukulu pakati pa sabata. Ana ake ena anali oti angosiya kumene kuweta mbuzi, ena anali ndi timasharubu. Mphunzitsi amene analipo iye asanabwere anawasiyira njira imodzi yokha yophunzirira: chilichonse chimene chalembedwa pa bolodi chiyenera kuimbidwa. Wamkulu mwa onse, Jonasi, wamtali ngati mzati wa nkhokwe, ankaimirira n'kuomba m'manja kamodzi, iye n'kumafunsa, anzake n'kumayankha.

"Dzina n'chiyani?"

"Dzina ndi mawu otchulira munthu, malo kapena chinthu!"

"Mneni n'chiyani?"

"Mneni ndi mawu onena ntchito!"

Kaimbidwe kake kanali kamodzi komweko, ka masamu ochulukitsa, ka Malamulo Khumi, ka mayina a nyanja za ku Ulaya. Jairosi ankaima kutsogolo akuyang'ana pakamwa ponseponse potseguka, pamwamba pake maso ali gwa ngati a nsomba zouma.

Buku lowerenga la Chingerezi linali ndi ndakatulo yonena kuti sinowo, madzi oundana amene amagwa ngati mvula m'maiko ozizira, ili ngati bulangeti loyera lofunda dziko. Jairosi anafuna kuwaphunzitsa m'mene wolemba amatengera chinthu chimodzi n'kuchiveka chovala cha chinzake.

"Sinowo n'chiyani, Jonasi?"

"Ndi nyama ya ku Ulaya, aphunzitsi."

"Nyama yotani?"

"Yaubweya woyera. Amasokera mabulangeti."

Palibe anaseka. Ena anali atayamba kale kung'ung'udza yankholo kuti aliimbe mawa. Jairosi anatseka bukulo ngati akutseka mphika wa ndiwo zovunda.

M'mawa mwake, akudutsa kuseri kwa nkhokwe ya mlongo wake, anamva nyimbo ija. Anaima. Anamva m'mene mawu oti "eni" ankagwera pamodzi ndi musi, kawiri konse, ndipo anaganiza za alakatuli onse amene anawawerenga ku Halale, amuna a ndevu ojambulidwa pachikuto, n'kuona kuti panalibe mmodzi mwa iwo woposa mkazi wosadziwa kulemba dzina lakeyu. Mwambo wa pamtondo ankaudziwa bwino lomwe. Koma munthu akakhalitsa ndi mabuku amayamba kuona mawu okoma onse ngati osiyidwa panjira, oti wowatola ndiye mwini. Atafika m'kalasi anatenga choko n'kulemba mizere inayi ija pa bolodi.

Ana anaiwerenga. Kenaka wina kumbuyo anatsamwa ndi chiseko.

"Sititchula munthu muno," anatero Jairosi. "Tikuphunzira fanizo. Wopeka nyimboyi wasankhiranji tambala? Bwanji sanati galu?"

Dzanja linakwera, la mtsikana amene chibwerere chake anali asanamumvepo mawu.

"Galu amachita zake mobisa, aphunzitsi. Tambala amayamba walengeza kuti iye ndi wolungama."

"Nanga gaga?"

"Womudyetsa ndi woimbayo. Koma akakhuta amakaberekera kwina."

"Bwanji mawu oti 'eni' abwera kawiri?"

"Chifukwa zimawawa kawiri!" anakuwa mnyamata wina, ndipo kalasi yonse inagwa nacho chiseko.

Anakangana mpaka belu la khasu lakutha linalira. Wina ankati mzere womaliza ndi wolira, wina ankati ndi woseka, Jonasi ankati ndi zonse ziwiri ngati pamaliro a nkhalamba. Anapeza okha mayina ndi aneni m'mizereyo osauzidwa. Tsiku limenelo Jairosi anapita kunyumba akuimba likhweru, kwa nthawi yoyamba chibwerere. Bolodi anapukuta, inde. Chimene anaiwala n'chakuti kwa ana amenewa choko sichinkafufutika. Chimene chakhudza bolodi chasanduka phunziro, ndipo phunziro limaimbidwa.

A Chipewa anafika pa njinga yamoto Lachisanu lina, fumbi lili m'ndevu. Ankayenera kuyesa ana asukulu m'mawa, kufunsa ofuna ubatizo masana, n'kubatiza Lamulungu. Akulu ampingo anakhala pa benchi yakutsogolo, Aroni ali pakati, jekete lili mbee. Akazi odikira mafunso a masana anaunjikana pa mawindo, Rabeka ali pomwepo, atavala nsalu yake yatsopano ya biriwita imene anaisunga m'dengu chaka chonse.

Masamu anayenda. Mneni anaimbidwa. Ndiye a Chipewa, m'Chinyanja chawo chowuma cha m'buku, anafunsa:

"Ana inu mudziwa mafanizo a Ambuye. Kodi alipo wina akhoza kundipatsa ine fanizo losachokera m'Buku Loyera?"

Jairosi anaona Jonasi akuimirira. Anaona manja aja akutambasuka. Anafuna kukuwa koma anachedwa.

Phwa!

Nyimbo ya Rabeka inatuluka pakamwa pa ana onsewo m'kaimbidwe ka masamu ochulukitsa, yopanda musi, yopanda chisoni, yophwanyika ngati chule wopondedwa ndi ngolo. Itatha Jonasi anaombanso m'manja.

"Tambala ndani?"

"Tambala ndi mwamuna wa mawu!"

"Khola la eni n'kuti?"

"Ndi nyumba ya mkazi wina!"

"Gaga ndi wa yani?"

"Wa mwini nyimbo!"

A Chipewa anamenya bondo ndi chisangalalo. "Ichi ndi chokoma ndithu! Aphunzitsi, inu mwachita ntchito. Nanga mwini nyimbo iyi ndani?"

Anali ana oleredwa bwino, ndipo anakumbukira kuti aphunzitsi anati sititchula munthu. Anangotembenuka onse, mutu uliwonse, n'kuyang'ana pa windo pamene panali Rabeka.

Aroni ankamwetulira. Kumwetulira kwake kunali kwa mutu wa mbuzi yowauka.

Masana amenewo, mafunso a ubatizo asanayambe, akulu ampingo anapempha kukumana okha pansi pa msuku. A Chipewa anati za m'mabanja azisiyira akulu, n'kupita kukagona tulo ta masana m'hema mwawo. Jairosi anaitanidwa, osati ngati mphunzitsi koma ngati mwini mbumba, mlongo woyang'anira Rabeka.

Aroni analankhula modekha, manja ali pamimba.

"Abale, ine ndine munthu wodziwa mwambo. Mkazi wanga ankaimba pamtondo, ine ndinali chete. Za pamtondo siziyankhidwa. Koma lero sizinali pamtondo. Zaimbidwa m'nyumba ya Mulungu, ndi ana aamuna, pamaso pa abusa. Kodi zimenezi ndi gaga woti auluke? Uwu ndi mlandu."

Munthu yemweyu amene anathetsa mwambo wa pamtondo ndi Baibulo m'manja, lero ankaufunda mwambowo ngati bulangeti.

"Alamu," anatero Jairosi, "ngati ndi mlandu, tiyeni tiwoloke dambo tikafunse mayi uja kuti mapemphero anu amatha nthawi yanji."

Akuluwo anayang'ana pansi, wina anatokosa nyerere ndi kamtengo. Wamkulu wa onse anatsokomola.

"Aphunzitsi, muli ndi mboni ziwiri zoona ndi maso?"

"Mudzi wonse."

"Mudzi si mboni. Tchulani mayina."

Jairosi anayang'ana nkhope zozungulira. Aliyense wa iwo anabwerekako njinga ya Aroni. Aliyense anali ndi dambo lake lowoloka.

"Mwakhalitsa kunja, alamu," anatero Aroni mokoma mtima. "Kuno timakhala ndi anthu, osati mabuku."

Chigamulo sichinachedwe. Rabeka anali ndi milandu iwiri, kuimba zachikunja ndi kunamizira mtumiki wa Mulungu. Akafuna madzi a ubatizo Lamulungu, aimirire pamaso pa mpingo, anene kuti ananama, alonjeze kuti pamtondo sadzaimbanso. Akakana, dzina lake lichotsedwe, ndipo ulendo uno osabwereranso.

Jairosi anamupeza kuseri kwa nkhokwe, atavula nsalu yatsopano ija n'kuvala yakale, akupeta mphale.

"Rabeka, ndalakwa."

"Mwalakwa." Sanadzutse mutu.

"Ndikawauza kuti nyimboyo ndinapeka ndine. Ndikanena kuti ndinaibweretsa kuchokera ku Halale, iwe unangoimva kwa ine. Andichotse ntchito, zilibe kanthu."

Lichero linaima. Rabeka anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku kolala.

"Achimwene, mwandibera nyimbo kamodzi, mukufuna mundibere kachiwiri? Inu mungapeke nyimbo ngati imeneyo? Munamudyetsapo mwamuna inu?"

"Ndikufuna ndikupulumutse."

"Ndinali wopulumuka kale. Ndinali ndi malo anga apa, aang'ono ngati chikhatho, pamene ndinkamutukwana munthu uja iye ali phee. Tsiku lililonse ndinkamusinja pamodzi ndi chimanga, ndikatha n'kumupatsa madzi osamba mtima uli m'malo. Inu mwabwera ndi nsapato zanu, mwaona chinthu chokongola, mwanyamula."

"Ndiye ukane. Usaimirire. Ine ndine mwini mbumba, mkamwini ameneyu ndikhoza kumupirikitsa mawa lomwe, anyamule njinga yake abwerere ku Sinda."

"Mumupirikitse, ndiye ine akandilembe kuti ndathetsa ukwati wa mkulu wa mpingo? Pamenepo madzi ndidzawaonera kumwamba." Anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Inu munabatizidwa muli kamnyamata, chifukwa munkadziwa kuwerenga. Simudziwa kukhala pansi pa msuku uja ndi tiana ta mamina, chitseko chitatsekedwa. Amayi tinawaika popanda nyimbo, ngati galu wa mlendo, inu muli ku Halale kuwerenga. Ine sindifuna kuikidwa choncho."

"Ukanena kuti unanama, ukhala ukunama pamaso pa Mulungu."

"Mulunguyo nyimboyo anaimva kale, kuseri kuno. Akudziwa kuti yoona ndi iti. Tachokani, mukunditchingira mphepo."

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka pa mawindo. Anthu anabwera kuchokera kumidzi yakutali, osati chifukwa cha ubatizo. Rabeka anaimirira mu nsalu yake ya biriwita, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu, n'kunena mawu amene anauzidwa, mmodzimmodzi, osathamanga, osanjenjemera. Anati ananamizira mwamuna wake. Anati Satana ndiye anamuika nyimbo pakamwa. Anati pamtondo sadzaimbanso. Aroni anadzuka n'kulengeza kuti wamukhululukira, ndipo anapemphera pemphero lalitali lokhudza mkazi wolowerera amene wabwerera, mpaka azimayi ena analira. Mayi wamasiye wa kutsidya kwa dambo anali pa mphasa yachitatu, ndipo "Amen" wake anamveka bwino.

Madzi anatsika pamphumi pa Rabeka n'kudontha pachibwano. Jairosi anaona nkhope ya mlongo wake ikumasuka, ndipo chimene chinamupweteka koposa n'chakuti Rabeka anali wokondwa. Nthawi ya Mgonero itakwana, chitseko chinatsekedwa iye ali m'kati, ndipo amene anamupatsa chikho anali Aroni.

Atatuluka, a Chipewa anamugwira Jairosi paphewa.

"Aphunzitsi, fanizo lija la nkhuku. Ana apitirize kuliphunzira, ndipo ine ndidzauza aphunzitsi a sukulu zina. Liphunzitsa bwino kuipa kwa chigololo."

"Mwini wake walapa, bwana. Akuti ndi la Satana."

"Ee, ee, pamtondo ndi loipa. Koma m'sukulu ndi maphunziro." Anavala chipewa chawo n'kupita kukaliza njinga yamoto.

Masana Aroni anachita phwando laling'ono la ubatizo wa mkazi wake. Anapha tambala. Alendo atakhala pamphasa, anavundula m'mbale ndi chala, n'kutulutsa nthutumba, chiwalo cha mlendo wolemekezeka, n'kuiika m'dzanja la Jairosi anthu onse akuona.

"Idyani, alamu. Pakadapanda inu, mkazi wangayu akadalowa mu mpingo ndi tchimo lobisika. Maphunziro ndi abwino."

Anthu anaseka mwaulemu. Jairosi anayang'ana kwa Rabeka, amene anagwada chapatali ndi mbale ya madzi osamba m'manja. Maso ake ankanena chinthu chimodzi: musandiwonongerenso. Jairosi anaika nthutumbayo m'kamwa. Inali yosatsukidwa bwino, mchenga unkalira m'mano. Anatafuna, anameza, anathokoza. Dzuwa litapendeka, anamva belu la njinga likulira kulowera ku dambo.

Lolemba m'mawa anadzera kuseri kwa nkhokwe. Rabeka ankasinja. Musi unkakwera, unkagwa, unkakwera, unkagwa. Jairosi anaima nthawi yaitali kudikira ngakhale kung'ung'udza kwa m'mphuno, koma mlongo wake anali munthu wosunga lonjezo. Mudzi wonse tsopano unali utafanana.

Ali patali ndi tchalitchi anamva ana atayamba okha, monga ankachitira aphunzitsi akachedwa. Tambala ndani? Tambala ndi mwamuna wa mawu. Akulu ampingo sakanaletsa, pakuti abusa anali atayamikira. Mtsikana uja amene ananena za galu ndi tambala ankaimba nawo, maso ali gwa.

Atalowa, onse anaimirira. Jonasi anamwetulira monyada, manja ali okonzeka.

"Aphunzitsi, lero tiyambe ndi Tambala kapena Sinowo?"

Jairosi anayang'ana bolodi, lakuda, lopukutidwa bwino. Anatola choko, anachitembenuza m'zala, n'kuchibwezera pamalo pake.

"Sinowo," anatero.

Phwa!

"Sinowo n'chiyani?"

"Sinowo ndi nyama ya ku Ulaya!"

Sanawakonze. Anakhala pa mpando n'kuyang'ana pa windo, kumene musi wa mlongo wake unkamvekabe, ukugwa wokha.